Eness Sanafulashe

"Mundichotsere zinthu zanuzi, achimwene, ndatopa nazo," anatero mphunzitsi wina wa ku Katoto, akuika foni patebulo ngati akubweza nsomba yoola.

Sekani sanafunse kuti chavuta n'chiyani. Ankadziwa kale. Pulogalamu ya kubanki inali itayamba kukana kutseguka m'mafoni onse amene iye anaikamo Chikuni. Inkangolemba kuti foniyo ndi yachilendo, basi, n'kudzitseka.

"Aphunzitsi, tipatseni kanthawi. Tikulimbana nazo."

"Mwezi watha munanenanso choncho. Ine malipiro anga ndimaonera mmenemo. Moto kukhalitsa n'kwabwino, koma batire sindidya."

Violet, mnzake wa Sekani pantchitoyi, anabisa nkhope kuseri kwa laputopu kuti asaoneke akuseka. Mphunzitsiyo atatuluka, iye anadzutsa mutu.

"Abwana, makasitomala athu akutha ngati shuga wa pamaliro."

"Usandiseke lero, Violet. Mutu ukundiwawa."

Chikuni chinali sisitimu, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa zonse za mu foni, kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa. Sekani anachiyamba akadali kuyunivesite, atatopa kuona mafoni abwinobwino akutayidwa chifukwa makampani amene anawapanga anasiya kuwasamala. Anatenga zimene anthu ongodzipereka a m'mayiko ena analemba n'kuzisiya poyera, anazipepuza, anaikamo Chitumbuka ndi Chichewa, kenako anaphunzitsa foni kugona tulo tofa nato ikakhala kuti palibe akuigwira. Apa ndiye panali ulemerero wake wonse. Magetsi azime mmene angazimire, foni ya Chikuni inkasunga moto masiku angapo, ndipo dzinalo linachokera pamenepo.

Koma ntchito imeneyi, abale, inali yodya munthu. Ukakonza mawu, kamera imayamba kujambula anthu obiriwira. Ukakonza kamera, kampani yatulutsa mafoni atsopano okhoma, oti sungaikemo chako chilichonse. Kachipangizo kolankhula ndi netiweki, kamene amati modemu, eni ake anakatsekera m'chinsinsi, moti Sekani ankachita kukaphunzira mongoyerekeza ngati munthu wofufuza singano mumdima. Anawalembera kambirimbiri kupempha kuti amuuzeko pang'ono chabe. Yankho silinabwere n'kamodzi komwe. Kachipinda kamene ankachita lendi ku Luwinga, kuseri kwa shopu yosindikiza mapepala a ana a sukulu, kanadzaza mafoni akufa amene anafera m'manja mwake.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanadandaulepo: mayi ake, NyaManda. Foni yawo ndiyo inkayamba kulandira chilichonse chatsopano chimene Sekani wapanga, ndipo kutchalitchi ankaionetsa kwa aliyense, kuti mwana wawo ndiye anaipatsa nzeru.

Tsiku lomwelo masana NyaManda analowa m'kachipindako, mvula ya mawawa ili m'mapewa, atavala majuzi awiri.

"Mwatandala uli, amama?" anatero Violet, akuwapatsa mpando.

"Tatandala makola, yewo. Chitumbuka chako, mwana wanga, chikadali ndi fungo la ku Zomba." Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa foni. "Sekani, tayang'ana ichi. Eness sanafulashe."

Eness anali mng'ono wawo, wotsala kumudzi, kumapiri a kuseri kwa Chintheche. Kumeneko netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Chiyambire mafoni, dongosolo la awiriwa linali limodzi. Eness ankakwera pachulupo dzuwa likapendeka, n'kuimba kamodzi, n'kudula msanga mayunitsi asanadyedwe, kenako n'kuima chilili kudikira. NyaManda, pokhala wa m'tauni, ndiye ankaimba. Kumuimbira Eness nthawi ina iliyonse kunali kutaya nthawi, chifukwa foni yake ikatsika pachulu inkasanduka mwala.

"Chifulashire liti?" anafunsa Sekani.

"Chikanganirane."

Nkhani ya mkanganowo Sekani ankaidziwa. Eness anali atatupa miyendo, mpweya ukumuvuta, ndipo NyaManda anamuuza kuti abwere kuchipatala ku Mzuzu. Eness anakana, ati chinangwa chake asiyira ndani. Mawu anakula, mpaka NyaManda anati, "Ngati ukufuna kufera m'chinangwa, usandivutitsenso," n'kudula foni. Sabata yomweyo ndi imene Sekani anaikira mayi ake Chikuni chatsopano, chogona kwambiri kuposa zonse zam'mbuyo.

Anatenga foni yake n'kuimba nambala ya mayi ake. Panapita kamphindi, kenako foni ija inawala n'kuyamba kulira nyimbo ya kwaya imene mayiwo ankaikonda.

"Mwaona? Ili bwinobwino. Imangochedwa pang'ono kudzuka, koma ikulira."

"Yatengera mwini wake," anatero Violet. "Nayenso sadzuka msanga."

NyaManda sanaseke. Anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti wakwiyadi," anatero motsitsa.

"Bwanji osangopita mukawaone, amama?"

"Ndipite ine? Wamkulu ndani? Afulashe kaye. Akangofulasha, ine ndimuimbira, ndipo za mkangano sinditchulako." Anamanganso foni ija pachitenje. "Ndili ndi mayunifomu a anthu pamakina. Ndikamaliza ndiona."

Kunena zoona, Sekani anaiwala nkhaniyi mayi ake asanafike n'komwe pasiteji ya minibasi. Mutu wake unali pa pulogalamu ya kubanki ija. Masiku otsatira anawathera pamenepo, kuyesa kuinamiza kuti Chikuni si chachilendo, ndipo ikalola lero, mawa inkakananso. Violet anamuuza kuti waitanidwa kukayesedwa ntchito ku Lilongwe. Ananena maso ali pansi, ndipo Sekani anangoti, "Zabwino zonse," mtima ukumupweteka. Sakanamuletsa. Mtsikanayo anali atagwira naye ntchito nthawi yonseyi wopanda malipiro ooneka.

Kunyumba ku Ching'ambo, mayi ake ankasoka foni ili pambali pa makina. Dzuwa likapendeka ankasiya kupalasa, n'kumangoiyang'ana. Kangapo Sekani anawapeza akuimba okha nambala ya Eness, n'kumamvetsera mawu aja onena kuti nambala mwaimbayi siikupezeka. Akamuona ankanamizira kuti akuyang'ana nthawi. Pakona ya chipinda chawo panayamba kuunjikana tinthu: shuga, sopo, mafuta opaka miyendo, ndi juzi yatsopano yofiirira.

Loweruka lina m'mawa, Sekani akutsuka njinga yake pakhonde, foni ija inalira. NyaManda anaithamangira, ndipo ataona dzina pagalasi nkhope yawo inawala ngati ya mtsikana.

"Ndi Eness. Waona? Wagonja. Mpaka kugula mayunitsi kuimba yekha." Anakonza kukhosi, n'kudzipanga aukali. "Ee, mwakumbuka lero kuti muli ndi mkulu wanu?"

Mawu amene anayankha anali achimuna. Anali a Frackson, mlongo wawo, amene Sekani ankawatchula kuti asibweni. Foniyo inali yokweza mawu, moti Sekani anamva zonse.

"Eness watisiya m'mawa uno."

NyaManda anakhala pansi, pasimenti ponyowa pomwepo.

"Ankakwera pachulu tsiku ndi tsiku," anapitiriza a Frackson, mawu awo ali ouma. "Miyendo ili chotupa choncho. Masiku omalizawa tinkachita kumunyamula. Amafulasha, n'kudikira mpaka dzuwa kulowa. Tikati tigule mayunitsi tiimbe ife, amatikaniza. Amati, 'Akulu akuona. Akakhululuka aimba.' Dzulo anatiuza kuti tisamunyamulenso."

"Sanafulashe," anatero NyaManda. "Frackson, Mulungu akundiona, mwanayo sanafulashe."

"Ndinkaona ndi maso angawa, alongo. Mubwere mudzaike m'bale wanu, ngati mpata muli nawo."

Kulira kwa mayi ake kunaitana anthu oyandikana nawo. Azimayi atadzaza m'nyumba, Sekani anatola foni ija pamene inagwera n'kupita nayo kuseri, pafupi ndi nthochi. Anatsegula pamene pamaoneka amene anaimba osayankhidwa. Panalibe dzina la Eness. Anaiika pamwala, anadikira kuti galasi lizime ndipo foni igone, kenako anatenga yake. Anaimba, ndipo itangolira kamodzi kukhutu kwake, anadula.

Foni ya mayi ake inangokhala duu. Sinawale, sinalire. Anaitsegula, ndipo munalibe chilichonse chosonyeza kuti wina anaifuna.

Anabwerezanso. Anabwerezanso kachitatu, akupemphera ngati mwana kuti ilire. Kenako anakhala pansi m'matope.

Violet anamupeza pomwepo, atamva uthenga n'kubwera kudzapepesa. Sekani anangomuonetsa foni ili pamwala paja, n'kuloza ya Violet.

"Ifulashe."

Violet anafulasha. Anayang'ana foni, anayang'ana Sekani, ndipo anagwira pakamwa. Sanafunikire kuuzidwa zambiri. Munthu akaimba, modemu inkagogoda kuti Chikuni chidzuke, koma Chikuni chatsopanocho chinkagona kwambiri moti chinkatenga kamphindi. Woimba akapirira, foni inkalira. Akadula msanga, chinkadzuka n'kupeza palibe kanthu, n'kugonanso, osalemba paliponse.

"Tinayesa," anatero Violet. "Sekani, tinayesa kambirimbiri."

"Tinkaimba mpaka ilire. Tinkatsatira mayeso amene analemba anthu a kunja aja. Kwawoko ndani amafulasha?" Anaseka kuseka koipa. "Ine ndemwe, Violet. Ine amene ndinamaliza yunivesite yonse ndikufulasha amama. Sindinaganizeko n'kamodzi komwe."

Atatero anayamba kukumbukira zina. Wakabaza wina wa ku Luwinga anabwera kudzadandaula kuti makasitomala ake asiya kumufuna, ndipo Sekani anamuuza kuti ndi nyengo yozizira chabe. Mayi wina wogulitsa tomato anati mwana wake wa kusekondale akumunena kuti samuyankha. Sekani anaimba mafoni onsewo pamaso pawo, analira, ndipo anthuwo anapita akudziona ngati opusa.

"Tingakonze," anatero Violet, koma mawu ake analibe mphamvu. "Tiletse kugonako."

"Tikaletsa, batire lizitha masana. Ndiye Chikuni chatsala chiyani? Foni yopanda banki, ya kamera yobiriwira, yothanso moto msanga."

"Nanga kuchidzutsa mofulumira?"

"Zimenezo zili m'kati mwa modemu. Ukudziwa wekha kuti eni ake amatiyankha bwanji."

M'nyumba azimayi anali atayamba nyimbo. Pakati pa nyimboyo ankamva mawu a mayi ake, akubwereza chinthu chimodzi, kuti anamuuza mwanayo asawavutitsenso ndipo wamveradi.

"Uwauza?" anafunsa Violet.

Sekani anatola foni ija n'kulowa m'nyumba. Mu minibasi yotsetsereka ku Nkhata Bay anakhala pambali pa mayi ake, chikwama cha shuga ndi juzi yofiirira chili pamiyendo pawo. Pakona iliyonse ankati anena akadutsa iyi, koma anafika osanena.

Kumaliro zinthu zinali zoonekeratu. Azimayi a m'mudzi anawalandira NyaManda ndi moni wa kumapeto kwa zala. M'nyumba ya siwa, malo a mkulu wa malemu, pafupi ndi mutu, anali atakhalapo wina, ndipo palibe anasuntha. Mayi ake anakhala pakhomo ngati mlendo. Sekani anamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti a m'tauni amabwera ndi shuga munthu atafa. Apa ndiye sanathenso kupirira. Anapita pamene panakhala amuna n'kugwada pambali pa a Frackson.

"Asibweni, ndikupempha tipite pachulu. Mutenge foni ya amama aang'ono."

Chulucho chinali chachitali kuposa mmene ankaganizira, njira yake yoterera. Pamwamba panali mwala wosalala, ndipo a Frackson anati ndi pamene ankamukhazika Eness. Sekani anaika foni ya mayi ake pamwalapo n'kuwapempha kuti afulashe monga ankachitira malemu. Anafulasha. Foni inakhala chete. Anawapempha kuti aimbe osadula, ndipo nyimbo ya kwaya ija inalira pachulu ponse.

Anafotokoza zonse, osadzichepetsera mlandu. A Frackson anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana kumunda wa chinangwa kumunsi.

"Ndiye foniyi unaipanga ndiwe kuti izigona?"

"Ndine."

"Kuti isunge moto."

"Ee, asibweni."

"Wausungadi," anatero a Frackson, n'kuyamba kutsika.

A Frackson anakawauza anthu, chifukwa sanali munthu wobisa chilungamo. Ena anamvetsa, ndipo amene anakhala pamalo a NyaManda uja anasuntha pamutu pa maliro. Ena anati mwana wophunzira wapeka nkhani kuti atchinjirize mayi ake, chifukwa foni yogona anaionapo ndani. NyaManda anamva zonsezi kuchokera kwa mlongo wawo. Anatembenuka n'kumuyang'ana Sekani kamodzi, osati mwaukali. Juzi yofiirira ija anaiika m'bokosi.

Atabwerera ku Mzuzu, Sekani anayamba kuitana aliyense amene anali ndi Chikuni. Amene sanabwere anawatsatira yekha panjinga, ku Katoto, kumsika, kumageti a yunivesite. Aliyense ankamuuza zoona, kenako n'kumubwezeretsera sisitimu yakale ya kampani, yolemera, yodya batire. Wakabaza uja anamutukwana pamaso pa anthu, ndipo Sekani anangoima n'kumvetsera. Ena anakana, ati iwo moto ndiwo akufuna, koma iye anawaumiriza. Ntchito imene inamudyera unyamata wake inkafufutika mu foni iliyonse pakanthawi kochepa koti tiyi sangazizire n'komwe.

Violet anamuthandiza mpaka tsiku lonyamuka. Akutseka chikwama chake anati, "Zimene tinalembazi usataye. Mwina wina adzapeza njira."

"Ndaziika poyera, ndalembaponso chenjezo pamwamba. Ndalemba m'Chingerezi kuti kufulasha n'chiyani, kuti a kunjawo adziwe." Anayang'ana mulu wa mafoni akufa uja. "Sindikudziwa ngati alipo adzawerenge."

Inatsala foni imodzi. Anaizengereza masiku ambiri, chifukwa chibwerere kumudzi iye ndi mayi ake ankangolankhulana za chakudya ndi za madzi. Sanamukalipire. Akanakonda akanamukalipira, kapena kumuthamangitsa pakhomo, koma ankamuphikira ndi kumuchapira monga kale, ndipo zimenezi zinkamupweteka koposa.

Anawapeza pamakina dzuwa litapendeka. Sankasoka. Foni inali pamalo ake, pambali pa lumo, ndipo ankaiyang'ana. Sekani anakhala pampando wa makasitomala, laputopu ili pamiyendo.

"Amama, ndipatseni foniyo ndichotsemo Chikuni."

Sanatembenuke.

"Zimene ankafulasha zija," anatero NyaManda, "sungazitulutse? Ndingoona dzina lake, ndi masiku ake."

"Sizinalembedwe paliponse, amama. Ndayang'ana."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi. Pepani chomene, amama. Ndinakuuzani kuti ili bwino."

"Unandiuza. Inenso ndinali ndi miyendo, minibasi zinalipo." Anapukuta galasi la foniyo ndi nsonga ya chitenje. "Ukachotsa, iziyenda bwanji?"

"Izitha moto msanga. Koma munthu akafulasha muziona."

NyaManda anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga foniyo n'kuimanga pamfundo ya chitenje, monga ankachitira masiku onse, kenako anakoka yunifomu yosamaliza n'kuiika pansi pa singano.

"Isiye momwemo, mwana wanga," anatero. "Wondifulasha anali mmodzi."